Zimene Mafupa a ku Chentcherere Adaulula

Munthu wochokera ku Lilongwe pa msewu waukulu wopita ku Blantyre, akatsala pang'ono kufika pa boma la Dedza, amaona kudzanja lake lamanzere mapiri amiyala ataima m'nkhalango ya Chongoni. Dziko lakumeneko ndi lokwera ndiponso lozizira, kotero kuti m'miyezi ya Juni ndi Julaye nkhungu imatha kuphimba mapiri mpaka dzuwa litakwera. M'munsi mwa matanthwe a dera limeneli muli malo 127 pamene anthu akale adajambula zithunzi pamiyala, ndipo chifukwa cha zithunzizo bungwe la UNESCO lidalemba Chongoni, m'chaka cha 2006, m'kaundula wa malo amene dziko lonse lapansi liyenera kusunga. Zithunzi zake zili zamitundu iwiri. Zoyera n'za Achewa, ndipo zambiri zimakhudza chinamwali cha atsikana ndi gule wamkulu. Zofiira ndizo zakale koposa: mizere, timadontho ndi zozungulira zimene tanthauzo lake lidapita ndi eni ake. Akuluakulu a m'midzi yoyandikana ndi nkhalangoyo akafunsidwa za eni akewo, amayankha ndi liwu limodzi kuti adali Akafula.

Mbiri ya makolo imati Akafula, amene ena amawatcha Abathwa, adali anthu aafupi msinkhu, osalima, okhala m'mapanga, odziwa uta ndi uchi. Akakumana ndi mlendo ankamufunsa kuti, "Mwandionera pati?" ndipo mlendo wochenjera ankayankha kuti wamuonera kutali, kuseri kwa phiri, pakuti kunena kuti wamuonera pafupi kudali kumunyoza chifukwa cha msinkhu wake. Mwana aliyense wa ku Dedza adaimvapo nthano imeneyi madzulo pamoto. Koma nthanoyo siifotokoza bwino kumene anthuwo adapita. Ena amati adathawa, ena amati adaphedwa, ndipo ena amati adakwatirana ndi obwera mpaka mtundu wawo udasungunuka m'kati mwa Achewa monga mchere m'ndiwo.

M'chaka cha 1972 katswiri wofukula zinthu zakale, J. Desmond Clark, amene adayamba wayang'anira nyumba yosungiramo zakale ku Livingstone asanakaphunzitse pa yunivesite ya California ku Berkeley, adakumba pansi pa thanthwe lotchedwa Mwana wa Chentcherere, kumpoto kwa tauni ya Dedza. Adapeza timiyala tosongoka timene alenje ankaika ku mivi, mafupa a nyama zimene adadya, mapale a mbiya m'dothi lapamwamba, ndiponso zotsala za matupi a anthu. Zida zamiyala zimatha kunena za ntchito ya munthu, koma sizinena za mtundu wake. Clark adalemba zimene adaona, mafupa adasungidwa, ndipo funso lakuti anthuwo adali abale a yani lidadikira zaka 45. Nkhani ya lero ndi ya m'mene yankho lidapezekera. Njira yake ndi yokhota, pakuti iyenera kudzera m'kati mwa kachilombo kosaoneka ndi maso, kenaka m'kati mwa thupi la munthu, isanabwerere ku Chongoni.

Chamoyo chilichonse chidamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo m'selo lililonse muli malangizo a m'mene chamoyocho chiyenera kukhalira. Malangizowo adalembedwa pa kaulusi kotchedwa DNA. Woyamba kukatulutsa m'maselo adali Friedrich Miescher, ku Tübingen m'dziko la Germany, m'chaka cha 1869, ndipo adakapeza m'mafinya a pa nsalu zomangira mabala. Koma ntchito yake sadaidziwe. Padapita zaka 75 kuti Oswald Avery ndi anzake ku New York asonyeze, mu 1944, kuti DNA ndiyo imanyamula chibadwa. Tsono m'mwezi wa Epulo 1953, chaka chimene dziko la Nyasaland lidalowetsedwa m'chitaganya, James Watson ndi Francis Crick a ku Cambridge adafotokoza maonekedwe ake, pogwiritsa ntchito zithunzi zochokera ku King's College mu London, makamaka za mayi wina waluso, Rosalind Franklin, amene adamwalira mu 1958 asanalandire ulemu womuyenera.

Zimene adapeza n'zosavuta kuzimvetsa kwa munthu amene adapotapo chingwe cha khonje. DNA ndi chingwe cha nkhosi ziwiri zopotana. Pa nkhosi iliyonse pali mndandanda wa tinthu tamitundu inayi, timene akatswiri amatitcha ndi zilembo A, T, G ndi C, ndipo malangizo onse a moyo ali m'kandandalikidwe ka zilembo zimenezi. Chinsinsi chagona pa kagwiranidwe kake: A wa pa nkhosi ina amagwirana ndi T yekha wa pa inzake, ndipo G amagwirana ndi C yekha. Chotero wodziwa nkhosi imodzi wadziwa kale inzake. Watson ndi Crick adaona pomwepo kuti ngati chingwe chitamasulidwa, nkhosi iliyonse ingathe kukhala chitsanzo choumbirapo inzake yatsopano, ndipo pamapeto pake pangakhale zingwe ziwiri zofanana, chimodzi cha selo lililonse pamene selo ligawikana.

Maganizo amenewa adali okoma, koma kukoma kwa maganizo si umboni. Umboni udabwera mu 1958 kuchokera kwa anyamata awiri, Matthew Meselson ndi Franklin Stahl, ku California. Iwo adatenga bakiteriya wa m'matumbo wotchedwa Escherichia coli, namulera kwa mibadwo yambiri pa chakudya chokhala ndi nayitrojeni wolemera kuposa wamasiku onse, mpaka DNA yake yonse idalemera. Kenaka adamusamutsira pa chakudya cha nayitrojeni wopepuka. Bakiteriya atagawikana kamodzi, adayesa kulemera kwa DNA poizunguza m'makina othamanga zedi, napeza kuti yonse idali yapakatikati, yosalemera ndiponso yosapepuka. Atagawikana kachiwiri, theka lidali lapakatikati ndipo theka lidali lopepuka. Palibe kufotokoza kwina kumene kudagwirizana ndi zimenezi koma kumodzi: chingwe chatsopano chilichonse chimakhala ndi nkhosi imodzi yakale ndi imodzi yatsopano. Akatswiri ambiri amati pa zoyesa zonse za sayansi ya zamoyo palibe china chokongola ngati chimenechi, ndipo n'kovuta kuwatsutsa.

Nanga amagwira ntchito yokoperayo ndani? M'selo muli antchito otchedwa maenzaimu, aliyense ndi ntchito yake. Mu 1956 Arthur Kornberg, ali ku St. Louis, adatulutsa mwa bakiteriya yemwe uja enzaimu imene imalumikiza zilembo zatsopano motsatira nkhosi yakale, naitcha DNA polymerase, ndipo mu 1959 adalandira mphoto ya Nobel. Mbiri ili ndi nthabwala zake. Mu 1969 John Cairns ndi Paula De Lucia adapeza bakiteriya amene enzaimu ya Kornberg idali yopunduka mwa iye, koma ankaswana bwinobwino. Zidaoneka kuti enzaimu imene idabweretsa mphoto ija ntchito yake yaikulu ndi yokonza ndi kumalizitsa, ndipo mmisiri weniweni adali wina. Amene adathandiza kumupeza, nkukhala polymerase wachitatu, adali Thomas Kornberg, mwana wake wa Arthur.

Apa mpofunika kusiyanitsa mitundu iwiri ya maselo, pakuti nkhani yonse yatsamira pa kusiyana kumeneku. Mabakiteriya ali m'gulu lotchedwa prokaryote: selo lawo ndi chipinda chimodzi chopanda magawo, ndipo DNA imangokhala m'menemo. Anthu, nyama, mitengo, bowa, ngakhale kachilombo ka malungo, ali m'gulu la eukaryote: selo lawo lili ndi kachipinda kam'kati, nyukiliyasi, kamene kamasunga DNA monga nkhokwe isungira chimanga.

Cairns yemwe uja adasonyeza mu 1963, ndi chithunzi chimene chidatchuka kwambiri, kuti DNA ya Escherichia coli ndi yozungulira ngati mkombero, yopanda mutu kapena mchira. Zilembo zake zilipo pafupifupi 4,600,000. Kukopera kumayambira pa malo amodzi okha. Pamenepo chingwe chimatseguka, ndipo magulu awiri a antchito amanyamuka, lina kulowera kumanja lina kumanzere, monga anthu awiri oyamba kulambula mphepete mwa dimba lozungulira atafulatirana, mpaka akumane kutsidya. Patsogolo pa gulu lililonse pamayenda enzaimu yomasula nkhosi, helicase. Patsogolo pakenso pamayenda ina, gyrase, imene imadula ndi kulumikizanso chingwe kuti chisapiringizike, pakuti aliyense amene adamasulapo chingwe chopota amadziwa kuti kumtunda kwake kumachita mfundo. Gulu lililonse limaika zilembo pafupifupi 1,000 pa sekondi imodzi, ndipo mkombero wonse umatha m'mphindi 40. Chodabwitsa n'chakuti bakiteriya ameneyu chakudya chikachuluka amatha kugawikana pa mphindi 20 zilizonse. Amayamba kukopera kwachiwiri koyamba kusanathe.

Padali vuto limodzi limene lidazunguza mitu. Nkhosi ziwiri za DNA zimagona mosemphana, ina mutu kuno ina mutu uko, koma polymerase amadziwa kuyenda mbali imodzi yokha. Pa nkhosi imodzi amatsatira womasula uja mosadukiza. Nanga pa inzake amatani? Yankho lidachokera ku Nagoya m'dziko la Japan, kwa Reiji Okazaki ndi mkazi wake Tsuneko, mu 1968. Iwo adaona kuti nkhosi yachiwiri imakoperedwa m'tizidutswa, chammbuyo, monga telala wosoka mobwereza: amasoka pang'ono, nalumphira kutsogolo, nasokanso kubwerera pamene adalekeza. Kachidutswa kalikonse kamayamba ndi kapoyambira kamene enzaimu ina imaika, kenaka kapoyambirako kamachotsedwa, mpata nkutsekedwa, ndipo enzaimu yotchedwa ligase imalumikiza zonse. Mwa bakiteriya kachidutswa kamodzi kamakhala ndi zilembo 1,000 mpaka 2,000. Tizidutswati timatchedwa ndi dzina la Okazaki mpaka lero. Reiji adamwalira mu 1975 ndi khansa ya m'magazi, ali ndi zaka 44 zokha. Adali mnyamata wa ku Hiroshima m'chaka chimene bomba lidagwa pa mzindawo. Tsuneko adapitiriza ntchitoyo kwa zaka zambiri.

Mwa munthu maziko ake ndi omwewo, koma munda ndi waukulu kwabasi. Selo limodzi la munthu lili ndi zilembo zoposa 6,000,000,000, theka lochokera kwa mayi ndi theka kwa bambo, zogawidwa m'mitolo 46 yotchedwa makromozomu. DNA ya m'selo limodzi itatambasulidwa ingatalike pafupifupi mamita awiri, ndipo kuti ikwane m'nyukiliyasi imakulungidwa pa timapuloteni totchedwa histone, monga ulusi pa timitengo. Okopera ayenera kumasula mikulungo imeneyi patsogolo pawo ndi kuibwezera pambuyo pawo. Mwa zina n'chifukwa chake amayenda pang'onopang'ono, zilembo zosapitirira 50 pa sekondi, ndipo tizidutswa ta Okazaki timakhala tatifupi, ta zilembo 100 mpaka 200. Pa liwiro lotere, kromozomu yaikulu koposa mwa munthu, ya zilembo pafupifupi 248,000,000, ikadatenga mwezi wathunthu ikadakhala ndi poyambira pamodzi ngati bakiteriya.

Mlimi wa ku Bembeke amene munda wamukulira amadziwa chochita: amaitana dima, anthu nkufika ambiri, aliyense nkuyamba pa ndime yake mpaka ndime zonse zikumane. Selo la munthu limachita chimodzimodzi. Joel Huberman ndi Arthur Riggs adasonyeza mu 1968 kuti m'maselo a nyama kukopera kumayambira pa malo ambiri nthawi imodzi; mwa munthu malowo ndi zikwi makumi angapo, ndipo ntchito yonse imatha m'maola ngati 8. Koma dima lili ndi lamulo lake: ndime imodzi isalimidwe kawiri, ina isasiyidwe. Selo limaika chizindikiro pa poyambira paliponse nthawi yokopera isanakwane, ndipo ntchito ikangoyamba silolanso kuika zizindikiro zatsopano mpaka litagawikana. Malamulo oyendetsa kugawikana kwa selo akasokonekera, chimodzi mwa zotsatira zake ndi matenda a khansa.

Kusiyana kwina kuli kumapeto. Mkombero wa bakiteriya ulibe nsonga, koma kromozomu ya munthu ili nazo ziwiri, ndipo Alexei Olovnikov wa ku Moscow adaona mu 1971 kuti okopera sangathe kumaliza nsonga yeniyeni, kotero kuti chingwe chiyenera kufupika pang'ono pa kugawikana kulikonse. Chimene chimateteza malangizo ndi mchira wa zilembo zobwerezabwereza, TTAGGG kambirimbiri, umene umaperepeseka m'malo mwa malangizowo. Pa tsiku la Khirisimasi mu 1984 Carol Greider, wophunzira wa Elizabeth Blackburn, adaona chizindikiro choyamba cha enzaimu yotalikitsanso mchirawo, telomerase, imene imagwira ntchito makamaka m'maselo a mbewu ya munthu kuti mwana ayambe moyo ndi nsonga zathunthu. Izi zidachitikira ku Berkeley, pa yunivesite yomwe Clark wa ku Chentcherere ankaphunzitsa masiku amenewo.

Kusiyana kwa magulu awiriwa kuli ndi phindu limene odwala amalandira osalidziwa. Mankhwala a ciprofloxacin, amene zipatala za m'Malawi zimapereka pa matenda ena a mabakiteriya, amagwira gyrase wa bakiteriya nalepheretsa kukopera kwake, pamene enzaimu ya munthu yogwira ntchito yofananayo idapangidwa mosiyana ndipo mankhwalawo saigwira motero.

Tsono wolemba mbiri chimene chimamukhudza koposa ndi kukhulupirika kwa kukopera kumeneku, pamodzi ndi kulephera kwake. Polymerase amalakwitsa pafupifupi kamodzi pa zilembo 100,000, koma amadziwerengera yekha: akaika chilembo cholakwika amabwerera, nachichotsa. Pambuyo pake pamabwera gulu lina loyendera, ndipo zonse zikatha cholakwa chotsala chimakhala ngati chimodzi pa zilembo 1,000,000,000. Palibe mlembi wa pa boma kapena wosindikiza mabuku amene adafikapo pamenepa. Komabe zilembo n'zochuluka, ndipo mwana aliyense amabadwa ndi zilembo pafupifupi 60 kapena 70 zimene mayi wake ndi bambo wake adalibe. Zambiri sizipweteka ndipo sizithandiza. Zimangokoperedwa mokhulupirika kwa ana ndi zidzukulu. Anthu akakhala motalikirana kwa zaka zikwi zambiri osakwatirana, gulu lililonse limasonkhanitsa zizindikiro zakezake. Kukopera kukadakhala kopanda cholakwa konse, anthu onse akadafanana ndipo mafupa sakadanena kanthu. Kukadakhala kosasamala, zizindikiro zikadafufutika m'mibadwo yochepa. Mbiri imawerengeka chifukwa zolakwa zilipo koma n'zosowa.

Pali kanthu kena kamene Mchewa angakamve msanga kuposa anthu a mitundu ina. M'selo la munthu, kunja kwa nyukiliyasi, muli tinthu topanga mphamvu totchedwa mitochondria, ndipo tili ndi DNA yaketake, ya zilembo 16,569, yozungulira ngati ya bakiteriya. Lynn Margulis adalimbikira kunena mu 1967 kuti tinthuti tidali mabakiteriya amene adalowa m'selo lina kalekale nakhazikika, ndipo ngakhale adayamba watsutsidwa, lero akatswiri amavomereza. Choncho m'thupi la munthu muli makoperedwe a mitundu yonse iwiri. DNA yozungulirayi munthu amailandira kwa mayi yekha; mwana wamwamuna ali nayo koma saipatsira ana ake. Imayenda monga m'mene mbumba imayendera, kuchokera kwa gogo wamkazi, kwa mayi, kwa mwana wamkazi. Mu 1987 Rebecca Cann, Mark Stoneking ndi Allan Wilson adayerekeza DNA imeneyi mwa anthu 147 a m'maiko osiyanasiyana, napeza kuti mizere yonse ya amayi imakumana mu Africa.

Kuwerenga DNA ya munthu wamoyo ndi nkhani ina, kuwerenga ya munthu amene adafa zaka zikwi zapitazo ndi inanso. Munthu akafa okonza aja amaleka ntchito, chingwe chimaduka m'tizidutswa ta zilembo zosakwana 100, ndipo mabakiteriya a m'dothi amalowa m'fupa, kotero kuti nthawi zambiri DNA yochuluka imene imapezeka m'fupa lakale imakhala yawo. Kutentha kumafulumizitsa kuonongeka, ndipo ichi n'chifukwa chake Africa idatsalira pa kafukufuku wotere. Munthu wakale woyamba wa mu Africa kuwerengedwa DNA yake yonse, wa ku phanga la Mota ku Ethiopia, adalengezedwa mu 2015. Pamenepa chisanu cha ku Dedza, chimene ana a sukulu amadandaula nacho m'mawa, chidagwira ntchito yabwino.

Chotsalira pang'onocho sichikadawerengeka popanda kuchichulukitsa, ndipo chida chochulukitsira chidachokera kwa mabakiteriya omwewo. Mu 1983 Kary Mullis adaganiza zotengera kukopera kwa m'selo kukuika m'kabotolo: kutenthetsa DNA kuti nkhosi zilekane, kuziziritsa, kulola polymerase akopere, ndi kubwereza. Ulendo uliwonse chiwerengero chimawirikiza kawiri, ndipo maulendo 30 amasandutsa kachidutswa kamodzi kukhala toposa 1,000,000,000. Vuto lidali lakuti kutentha kunkapha enzaimu. Lidatha pamene adatenga polymerase wa bakiteriya wotchedwa Thermus aquaticus, amene Thomas Brock ndi Hudson Freeze adamufotokoza mu 1969 atamupeza m'akasupe otentha a ku Yellowstone. Njira imeneyi, PCR, ndiyo imagwiranso ntchito m'makina oyezera chifuwa chachikulu m'zipatala za m'maboma. Ngakhale makina ambiri amakono owerenga zilembo amawerenga poyang'anira polymerase akukopera, chilembo ndi chilembo.

M'mwezi wa Seputembala 2017 magazini ya sayansi yotchedwa Cell idasindikiza zotsatira za gulu lotsogozedwa ndi Pontus Skoglund ndi David Reich a ku Harvard, pamodzi ndi Jessica Thompson, wofukula zakale amene wagwira ntchito m'Malawi zaka zambiri, ndiponso akatswiri a boma la Malawi oyang'anira zinthu zakale. Mwa anthu akale amene adawerengedwa, 7 adali a m'Malawi: awiri a ku phiri la Hora ku Mzimba, atatu a ku Fingira ku Nyika, ndi awiri a ku Chentcherere, amene adakhala ndi moyo pafupifupi zaka 5,200 zapitazo. Kuchokera nthawi imeneyo kufika lero padutsa mibadwo ngati 180.

Zotsatira zake zidali ziwiri. Choyamba, anthu asanu ndi awiriwo, ngakhale adasiyana malo ndiponso zaka zoposa 5,000 pakati pa woyamba ndi womaliza, adali a mtundu umodzi. Pafupifupi magawo awiri mwa atatu a chibadwa chawo adali ofanana ndi cha Asan a ku Botswana, Namibia ndi South Africa, ndipo gawo lotsala lidali lofanana ndi cha Ahadza, alenje a ku Tanzania. Ena mwa iwo adali ndi mizere ya amayi yotchedwa L0d ndi L0k, imene lero imapezeka kwambiri pakati pa Asan. Chachiwiri ndicho chidadzidzimutsa: atayerekeza ndi Achewa, Ayao, Atumbuka ndi Angoni a lero amene DNA yawo idayezedwa, sadapeze chizindikiro chooneka cha anthu akalewo. Chibadwa cha Amalawi a lero chimaloza kwa alimi olankhula zinenero za Bantu, amene makolo awo adachokera kumadzulo kwa Africa, cha ku malire a Nigeria ndi Cameroon, nafika m'dziko lino ndi makasu achitsulo ndi mbiya zaka zosakwana 2,000 zapitazo.

Mchere uja, tsono, m'ndiwo sukumveka. Ichi n'chodabwitsa pakuti m'maiko ena a kumwera, monga pakati pa Axhosa ndi Atswana, chibadwa cha alenje akale chikuoneka bwino lomwe, makamaka kudzera mwa amayi. N'chodabwitsanso chifukwa zofukulidwa zimasonyeza kuti magulu awiriwa sadangoonana tsiku limodzi. Gadi Mgomezulu, mmodzi mwa Amalawi oyamba kuphunzira ntchito yofukula zakale, adakumba m'dera la Linthipe ndi Chongoni m'zaka za m'ma 1970, ndipo zimene iye ndi Clark adapeza zimasonyeza kuti osema miyala adapitiriza moyo wawo m'mapiri kwa zaka mazana ambiri alimi ali kale m'zigwa. Mapale a mbiya m'mapanga a alenje akuchitira umboni kuti ankasinthana zinthu. Kukhala moyandikana nthawi yaitali chotero popanda kusakanikirana kooneka kukusonyeza mpanda wolimba pakati pawo, kapena kuchuluka kwa obwera kumene kudamiza ochepawo. Nthano ya "Mwandionera pati?" ikaganiziridwa bwino ndi nthano ya anthu okayikirana, amene moni wawo weniweniwo udali mayeso.

Komabe womvera asathamange kunena zimene mafupa sadanene. Anthu awiri a ku Chentcherere adafa zaka zoposa 3,000 mlimi woyamba asanafike. Kuwatcha Akafula a m'nthano ndi kulumikiza nsonga ziwiri zotalikirana, ngakhale kufanana kwa anthu a ku Hora, Fingira ndi Chentcherere kukupereka chifukwa chabwino chochitira tero. DNA siinena amene adagwira utoto wofiira. Ndiponso chimene sichidadutse m'magazi chingathe kudutsa m'njira zina. Alimi adasankha matanthwe omwewo amene alenje adajambulapo, ndipo Leslie Zubieta, amene adaphunzira zithunzi za pa Mwana wa Chentcherere mothandizidwa ndi amayi achikulire a m'deralo, adasonyeza m'buku lake la 2006 kuti zoyera za pamenepo zidali zophunzitsira anamwali. Kudziwa kuti phanga ili ndi lolemekezeka sikukoperedwa ndi polymerase. Wina adauza wina, kapena wobwera adaona zofiira pakhoma nazindikira yekha.

Ntchito siidaime mu 2017. M'mwezi wa Febuluwale 2022 magazini ya Nature idasindikiza kafukufuku wina, wotsogozedwa ndi Mark Lipson, Elizabeth Sawchuk, Jessica Thompson ndi anzawo, amene adawerenganso mozama ena mwa mafupa akale aja naonjezerapo atsopano. Chithunzi chidasintha pang'ono: pambali pa chibale ndi alenje a kumwera ndi a kummawa, padaonekanso gawo lachitatu, lofanana ndi la Ambuti a m'nkhalango za ku Congo. Ofufuzawo adaona kuti mitundu itatuyi idasakanikirana kalekale, mwina zaka 50,000 zapitazo, pamene anthu ankayenda mitunda italiitali kukapeza akazi ndi amuna, ndipo kuti cha m'ma zaka 20,000 zapitazo kuyendako kudachepa, anthu nayamba kukwatirana ndi oyandikana nawo. Pakati pa mafupa atsopanowo padali a makanda awiri ofukulidwa ku Hora, amene adaikidwa m'manda zaka zoposa 14,000 zapitazo, ndipo DNA yawo ili m'gulu la yakale koposa imene yawerengedwapo mu Africa kumwera kwa chipululu cha Sahara.